Tiwapatse kiyi ofuna kuleka mowa

Kwa milungu itatu tsopano, pampingo wina wa anthu akwathu ochokera ku Malawi ku Mufakose, mu Harare, pali mkangano umene watulukira kunja, mpaka ukukambidwa m'makombi ndi pamasiwa. Abambo anayi ndi mayi mmodzi, onse oti mowa unawazunza ndipo akuyesetsa kuuleka, anapempha bwalo la mpingo kuti liwabwereke chipinda cha Sande sukulu Lachinayi lililonse madzulo, kwa ola limodzi, kuti azikumanamo n'kumalimbikitsana. Ndalama sanapemphe. Anapempha kiyi, mipando khumi ndi chilolezo chowiritsa madzi a tiyi. Akulu ampingo agawikana pawiri. Ena akuti nyumba ya Mulungu si malo osonkhanira zidakwa, ena akufunsa kuti ngati si pamenepo, nanga apite kuti. Ine ndili kumbali ya ofunsawo, ndipo ndinene mosapita m'mbali kuti kiyiyo iperekedwe. Ndikuwonjezeranso kuti mpingo uliwonse, mzikiti uliwonse ndi sosayeti iliyonse ya maliro ya anthu athu mu Harare iyenera kudziwa kumene misonkhano yotere imachitikira, ndi kuperekeza wodwala wawo mpaka pakhomo, chifukwa munthu amene mowa wamumanga amamva msanga mawu a mnzake amene anamangidwapo n'kumasuka kusiyana ndi mawu a ife tonse.

Tisanakangane, tidziwe kaye chimene tikukanganira, chifukwa ambiri otsutsa sanaonepo msonkhano wotere. Gulu lodziwika kwambiri ndi Alcoholics Anonymous, kapena AA mwachidule, limene linayamba mu 1935 mumzinda wa Akron ku America. Analiyambitsa ndi anthu awiri oti mowa unawagonjetsa, Bill Wilson ndi dokotala wina dzina lake Bob Smith, atazindikira kuti akamakambirana za vuto lawo chibaba chimachepa. Pamsonkhano anthu amakhala pansi, aliyense amangotchula dzina lake loyamba, ndipo wofuna kulankhula amafotokoza za moyo wake, mmene zinalili, chimene chinachitika ndi mmene zilili tsopano. Palibe wodula mnzake pakamwa, palibe womulalikira. Kuti ulowe, chofunika ndi chimodzi chokha, kufuna kuleka kumwa. Ndalama yolowera kulibe. Mbale imayenda, amene ali ndi kenakake amaponya ka tiyi ndi shuga, ndipo gululo sililandira thandizo la ndalama lochokera kunja kwa mamembala ake. Watsopano amasankha mnzake amene wakhala nthawi yaitali osamwa, amene iwo amamutcha sponsor, koma ife tikhoza kungoti phungu, monga wa kuchinamwali uja, woti ukamuimbira foni pakati pausiku amayankha. Ndipo salumbira kuti sadzamwanso moyo wawo wonse. Amangoti lero lokha, maola 24 awa, sindimwa. Mawa likafika amayambanso chimodzimodzi.

Tsono chotsutsa choyamba, chimene ndachimva kwa amayi aulemu wawo amene ndimawalemekeza kwambiri, ndi cha manyazi. Iwo akuti za m'nyumba sizitulutsidwa pabwalo. Mwamuna akakayamba kuulula pagulu kuti anagulitsa ketulo ndi yunifolomu ya mwana kuti agule kachasu, ndiye kuti wavula mkazi wake, apongozi ake ndi mtundu wonse. Akutinso lokeshoni ndi yaing'ono, makoma ake ndi opyapyala, ndipo nkhani yonenedwa Lachinayi imafika pamsika Lachisanu. Mantha awa si achabe, ndipo sindiwapeputsa. Komabe tifunsane moona mtima kuti chinsinsi chimene tikusungacho n'chiti. Munthu amene amatoledwa m'ngalande Loweruka lililonse, amene ana a mumsewu amamutsanzira kayendedwe, alibe chinsinsi. Lokeshoni yonse ikudziwa kale. Chobisika chokha ndi chakuti iyeyo watopa nazo ndipo akufuna kuleka, ndiye chodabwitsa n'chakuti chimene tikufuna kubisa ndi mbali yokhayo ya nkhani yake imene ili yabwino. Za miseche, lamulo la misonkhanoyi ndi lakuti zonenedwa m'chipindamo zimatsala momwemo, ndipo pali misonkhano yotsekera ena onse, yolowamo okhawo amene ali ndi vutoli. Munthu ndi munthu, wina akhoza kutaya pakamwa, sindikana. Koma woulula chinsinsi cha mnzake kumeneko ayenera kuyamba wafotokoza kuti iyeyo amakataniko, ndipo ichi chimatseka pakamwa kuposa lumbiro.

Nkhani ya manyaziyi ndimaidziwira m'nyumba mwathu. Achimwene anga aakulu anagwira ntchito zaka zambiri kufakitale ina ku Southerton, munthu wa manja abwino, woimba bwino m'kwaya. Ntchito itatha anayamba kulawirira kubawa, kenako mowa wa masese unachepa mphamvu n'kuyamba timabotolo tija totchipa timene kuno amati tumbwa. Ife pabanja tinachita zonse zimene banja lachikondi limachita pofuna kubisa. Tinkawatsekera m'nyumba alendo akabwera, tinkabweza ngongole zawo mwakachetechete, tinkauza anthu kuti akudwala m'mimba. Tsiku lina m'mawa ndinawapeza atakhala pakhonde manja akunjenjemera, kapu ya tiyi ikutayika, ndipo anandiuza kuti, "Mng'ono wanga, sikuti ndimafuna. Ndikadzuka thupi limakana." Ine ndinawayankha ndi uphungu wa munthu amene sanamvepo chibaba, kuti angolimba mtima. Sindinadziwe kuti mumzinda womwewu munali zipinda momwe mawu awo aja akanalandiridwa ndi anthu ogwedeza mutu chifukwa nawonso anawanenapo. Tinakawaika kumanda a Granville, kumene anthu amati kuMbudzi. Sosayeti yathu ya maliro inachita zonse mwadongosolo: bokosi, basi, ufa, ndiwo, tenti. Palibe chimene chinasowa tsiku limenelo. Chinasowa kale, zaka zisanu m'mbuyo mwake.

Apa ndi pamene ndimayankhira chotsutsa chachiwiri, chakuti misonkhanoyi ndi yachizungu, ya anthu a ku Borrowdale ndi Avondale olankhula Chingerezi, ndipo ife si mwambo wathu kukhala pansi n'kumauzana zakukhosi. N'zoona kuti inayambira ku America, n'zoonanso kuti munthu wa ku Tafara kapena Dzivarasekwa amene Chingerezi chimamuvuta, ndiponso ndalama ya kombi yopita ndi kubwera alibe, amaona ngati zimenezi si zake. Koma mfundo imeneyi ikugwera mbali yanga. Ngati misonkhano ili kutali ndiponso m'chiyankhulo cha eni, mankhwala ake ndi kuibweretsa pafupi, m'Chichewa, m'Chishona kapena m'chisakanizo chimene adzukulu athu amalankhula, ndipo ndicho chimene anthu asanu aja apempha. Mwambo wa AA umalola kuti anthu awiri kapena atatu okha ofuna kuleka mowa akakumana, ndi gulu kale. Chichewa chili pakati pa ziyankhulo 16 zimene malamulo aakulu a dziko lino a 2013 amazivomereza, ndiye palibe chifukwa choti munthu azikafunafuna mawu achilendo pofotokoza ululu wake. Koma chimene chimandikhudza kwambiri ndi mbiri yathu. Agogo athu anabwera kuno kuchokera ku Nyasaland, ena wapansi, ena pa magalimoto a Ulere, kudzagwira ntchito m'mapulazi, m'migodi ndi m'nyumba za azungu ku Salisbury, Harare wa lero. Analibe mudzi, analibe nkhoswe, analibe manda a makolo. Anachita chiyani? Anasonkhana okhaokha, anthu a vuto limodzi, n'kumakumana mwezi ndi mwezi, aliyense kuponya kangachepe, kuti mmodzi akagwa anzake amunyamule. Masosayeti a maliro amenewo alipo mpaka lero ndipo ngakhale eni dziko anatengerako. Munthu amene wakulira m'sosayeti yotere sanganene kuti kukumana kwa anthu a vuto limodzi ndi chinthu chachilendo. Ndi luso lathu lakale. Tangoligwiritsa ntchito pa akufa okha.

Ndipo ngati tikufuna kusankha chimene chili chachilendo, tiyambe ndi kamwedwe kathu ka m'tauni. Kumudzi mowa unali ndi nthawi yake: padima, pamaliro, paukwati, ndipo akuluakulu ankaona amene wapyola muyeso. Mabawa aakulu a m'malokeshoni anamangidwa ndi makhonsolo a nthawi ya atsamunda, ndipo phindu la mowa ndilo linkayendetsa zina mwa ntchito za m'malokeshonimo. Mwamuna wokhala m'hositelo ku Mbare, mkazi ndi ana ali ku Dedza kapena ku Mangochi, analibe kwina kopita akaweruka. Kumwa kwa tsiku ndi tsiku, kwa ndalama, kopanda woletsa, tinakuphunzira kuno. Lero kwafika pa mowa waukali wotchedwa musombodhiya ndi zina zosadziwika chimene athiramo, zogulitsidwa pamtengo wochepera wa buledi.

Chotsutsa chachitatu ndi cholemera, ndipo chimachokera kwa anthu okhulupirira ndi mtima wonse. Iwo akuti uchidakwa ndi tchimo, ena akuti ndi chiwanda kapena kulodzedwa, ndipo mankhwala ake ndi kulapa, kusala kudya ndi pemphero. Kuutcha matenda, akutero, ndi kumupatsa wochimwa pobisalira. Ine ndine wopemphera, ndipo ndaonapo anthu amene anagwada kamodzi n'kudzuka osafunanso mowa. Alipo. Koma ndaonanso ambiri amene anapita kutsogolo Lamulungu, analira misozi yeniyeni, Lachitatu n'kupezeka ali kushabini, ndipo chifukwa cha manyazi sanabwererenso kutchalitchi. Bwalo linawadula, nkhani n'kuthera pomwepo. Kodi kulapa kwawo kunali kwabodza? Ayi. Chimene chinasowa ndi munthu woti akhale nawo Lachiwiri madzulo, nthawi imene dzuwa likulowa ndipo mmero wayamba kuitana. Abusa ali ndi nkhosa mazanamazana, sangathe kukhala pakhomo la aliyense nthawi imeneyo, pomwe phungu wa kumsonkhano ntchito yake ndi yomweyo. Kuwonjezera apo, misonkhanoyi siimuchotsera munthu mlandu. Mwa masitepe 12 amene amatsata muli kudzifufuza wekha mosabisa, kuulula zolakwa zako kwa Mulungu ndi kwa munthu wina, kulemba mayina a onse amene unawalakwira ndi kupita kukakonza pamene kuli kotheka. Ndi akhristu angati osamwa mowa amene anachitapo zimenezi? Tikumbukirenso mmene zinalili pa nkhani ya Edzi. Panali nthawi imene ena ankati kumwa ma ARV ndi kuchepa kwa chikhulupiriro, ndipo tinaika m'manda anthu amene akanakhala ndi moyo. Lero amayi a chigwirizano omwewo amapemphera, amamwa mankhwala awo, amakumananso m'magulu awo olimbikitsana, ndipo palibe amene akuti pemphero lachepa mphamvu.

Pali mbali ina ya nkhani ya chipembedzo imene sitiikamba. Anthu akwathu mu Harare si a mpingo umodzi. Pali Akatolika, a CCAP, a mipingo ya mzimu, Asilamu ambiri ochokera kuchiyao, ndi a gule amene sapita kulikonse. Msilamu amene wagwidwa ndi mowa ali pamanyazi owirikiza, ndipo sangapite kukagwada kwa abusa. AA siili pansi pa mpingo uliwonse. Imalankhula za Mphamvu yoposa munthu, Mulungu monga mmene aliyense akumudziwira. Choncho mpingo ukabwereketsa chipinda usayembekeze kuti gululo likhala nthambi yake, kapena kuti mkulu wampingo azikakhala kumbuyo n'kumamvetsera. Ubwereketse monga mmene mnansi amabwereketsera mpando pamaliro, osafunsa kuti akhalepo ndani.

Otsutsa ena ndi ophunzira, ndipo funso lawo ndi loyenera kuyankhidwa bwino. Akuti wakhungu angatsogolere bwanji wakhungu mnzake? Uchidakwa ngati ndi matenda, wodwala apite kwa dokotala kapena kumalo ogonekera anthu otere, osati kwa odwala anzake. Akuwonjeza kuti amadziwa anthu amene anapitako kumisonkhano koma anabwerera kumowa. Pa mfundo imodzi ndikugwirizana nawo kwathunthu, ndipo aliyense wowerenga aimve bwino. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali asaleke mwadzidzidzi ali yekha. Thupi limene lazolowera mowa likaulandidwa kamodzin'kamodzi limatha kunjenjemera, kutuluka thukuta, kugwa ngati wakhunyu, ndipo patsiku lachiwiri kapena lachitatu munthu amatha kusokonezeka mutu n'kumaona zinthu zoti palibe. Izi zimapha. Ambiri a ife tikaziona timati walodzedwa, pomwe akufunika chipatala msanga. Ayambire kukiliniki ya khonsolo, ndipo ngati zavuta pali chigawo cha matenda a maganizo pachipatala cha Sally Mugabe, chimene akale timachidziwa kuti Gomo, ndi Annexe ya kuchipatala cha Parirenyatwa. Msonkhano wa Lachinayi sulowa m'malo mwa dokotala, ndipo eni ake sanena kuti umatero.

Koma dokotala akamaliza ntchito yake ya masiku angapo, munthu amabwerera kuti? Amabwerera mumsewu womwe uja, modutsa pashabini yomwe ija, kwa anzake omwe aja amene amamuitana ndi dzina lake lapamowa. Malo ogonekera a anthu wamba amalipiritsa madola a ku America oti mayi wogulitsa tomato ku Mbare Musika sangawapeze, ndipo ngakhale amene wakwanitsa amatulukamo pakatha milungu kapena miyezi. Vutoli ndi la zaka. Apa ndi pamene gulu laulere, lopezeka mlungu uliwonse, limagwira ntchito imene chipatala sichingagwire. Ndipo umboni ulipo. Mu 2020 ofufuza a bungwe la Cochrane, motsogozedwa ndi John Kelly, anasanthula kafukufuku 27 wokhudza anthu oposa 10,000, ndipo anapeza kuti njira ya AA, makamaka pamene achipatala atumizako munthu mwadongosolo, inathandiza anthu kukhala osamwa konse mofanana kapena kuposa uphungu wina wa akatswiri, pamtengo wotsika. Kunonso kwathu tili ndi chitsanzo chapafupi. Friendship Bench, imene Dr Dixon Chibanda anaiyambitsa ku Mbare mu 2006, inaika agogo aakazi ophunzitsidwa pang'ono pamabenchi a pakiliniki kuti azimvetsera anthu ovutika maganizo, ndipo lero njirayi ikutsanziridwa m'mayiko ena. Harare ndi mzinda woti sukanayenera kukayikira kuti munthu wamba womvetsera akhoza kuchiza. Za obwerera kumowa, inde alipo, ndipo si onse amene njirayi imawayanja. Wodwala shuga akadya zosayenera n'kukomoka sitinena kuti kiliniki itsekedwe. Chabwino cha chipindachi n'chakuti wagwa akabwerera Lachinayi lotsatira mpando wake amaupeza, pomwe kwina konse amapeza chitseko chotseka.

Achinyamata ena akuti zonsezi ndi kupaka mafuta pachilonda, gwero lake ndi ulova. Mafakitale atsegulidwe, anthu aleka okha kumwa. Ulova ukuwonjezeradi moto, achimwene anga ndi mboni. Boma nalonso lavomereza kukula kwa vutoli, mpaka mu 2024 linakhazikitsa ndondomeko yolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo yofika mu 2030. Koma chiwindi cha munthu sichidikira kuti chuma chikonzeke, ndipo maganyu ochepa amene alipo amapita kwa amene wadzuka wopanda matsire.

Tsono kwa inu amene mukuwerenga muli ndi vutoli, kapena muli ndi wanu m'nyumba, njira yake si yovuta monga mukuganizira. Funsani anamwino a pakiliniki yanu kapena agogo a pabenchi aja kuti gulu lapafupi limakumana kuti. Lembani mawu akuti Alcoholics Anonymous Zimbabwe pafoni, mupeza poyambira, ndipo amene adzakuyankheni ndi munthu woti nayenso anadutsamo. Kuyambira nthawi ya Covid misonkhano yambiri imachitikanso pa Zoom, kumene mukhoza kungomvetsera kamera ili yotseka, ngakhale ine ndimaona kuti kukhala m'chipinda chimodzi n'kugwirana chanza kuli ndi mphamvu yake. Tsiku loyamba simukakamizidwa kulankhula. Khalani kumbuyo, imwani tiyi, mverani. Gulu loyamba likapanda kukukomerani yesani lina, chifukwa magulu amasiyana monga mabanja. Kumsonkhano wotsegukira onse, mkazi, mlongo kapena malume akhoza kulowa nawo. Abanja ali ndi gulu lawolawo, Al-Anon, limene linayamba mu 1951, ndipo ndikanakonda alamu anga akanalidziwa, chifukwa iwo anadwala nawo limodzi osamwako ndi dontho lomwe. Chimodzi chokha abale tisachite: kumukoka munthu pamkono. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife ntchito yathu ndi kuonetsetsa kuti tsiku limene adzamve m'mimbalo chitsekocho chisadzapezeke chokhoma, ndi kumupatsa ya kombi osamuwerengera zakale.

Bwalo la mpingo uja likumananso Lamulungu likubwerali. Akulu anga, pempho langa kwa inu ndi laling'ono. Pa zipinda ziwiri za Sande sukulu perekani chakumbuyo chija, chimene khomo lake layang'ana kumpanda, kuti wobwera koyamba asadutse pamaso pa amayi ophunzira nyimbo. Kiyi isiyidwe kwa mlonda, ndipo mlondayo asalembe mayina. Ngati nkhawa ndi magetsi ndi kusesa, anthuwo anena kale kuti mbale yawo ilipira, ndipo makapu khumi ndi ketulo ndibweretsa ndine. Padakali pano asanu aja akukumana pansi pa mtengo kuseri kwa bwalo la mpira, ndipo mlungu wathawu anabwera wachisanu ndi chimodzi, mnyamata wa zaka za m'ma 20 amene mayi ake anamuperekeza n'kukadikira patali. Mvula ikayamba mu Novembala pansi pa mtengopo sipakhalika.